Pepala la GIA, IGI, Gübelin Kapena GRS: Ndi Liti Lomwe Mwala Wanu Ukufunikira?

Mu June 2023, kampani ya okushoni ya Sotheby's inagulitsa ku New York rube wolemera makarati 55.22 pa madola 34.8 miliyoni. Mwalawo unakumbidwa ku Montepuez, m'chigawo cha Cabo Delgado ku Mozambique, ndipo unapatsidwa dzina loti Estrela de Fura. Palibe amene akanatulutsa ndalama zoterozo chifukwa chongoona kufiira kwake. Mwalawo unafika pamsika ndi malipoti a malabu angapo, onse akunena zinthu ziwiri: ndi rube wachilengedwe, ndipo sanawotchedwe pamoto. Mawu achiwiriwo akanasowa, mtengo ukanagwa chagada.

Choncho pamsika wa miyala, pepala limayenda limodzi ndi mwala. Vuto ndi loti mapepalawo ndi ambiri ndipo salemera mofanana. Lina limatsegula makomo ku Geneva koma ku Mumbai salifuna kwenikweni, lina n'lokondedwa ku Bangkok ndi ku Hong Kong, ndipo pali ena oti mukawaonetsa kwa wogula wodziwa amangomwetulira n'kuyamba kukutsitsani mtengo.

Tisanayambe kuyerekeza, ndichotseretu zinthu ziwiri zimene zimasokoneza anthu. Lipoti la labu silinena mtengo. Mu lipoti lotere malabu akuluakulu salemba kuti mwala uwu ndi wa ndalama zakuti. Amangofotokoza chimene mwalawo uli. Wina akakuonetsani pepala lomwe chachikulu pamenepo ndi chiwerengero cha madola, limenelo ndi pepala la wowerengera mitengo, nthawi zambiri lolembera a inshuwalansi, ndipo kawirikawiri chiwerengerocho chimakhala chokwera kuposa chimene mungaupeze mutaugulitsa. Chachiwiri, satifiketi ya Kimberley Process, ndondomeko imene inayamba mu 2003, si giredi ayi. Imeneyo ndi chikalata cha boma chimene chimaperekeza madayamondi osasema podutsa malire, chonena kuti sakuchokera kwa zigawenga zolimbana ndi boma. Sichikhudza rube kapena emarodi, ndipo sichinena kanthu za ubwino wa mwala.

Dayamondi: aliyense amayankhula chinenero cha GIA

Bungwe la Gemological Institute of America (GIA) linakhazikitsidwa ndi Robert Shipley mu 1931, ndipo likulu lake lili ku Carlsbad, ku California. Mu 1953, motsogozedwa ndi Richard Liddicoat, linatulutsa njira yoikira madayamondi m'magiredi imene dziko lonse likugwiritsa ntchito lero. Pafupifupi malabu ena onse a dayamondi, kaya akhale opikisana nalo chotani, amalemba m'zilembo zomwezo. Mfundo zake ndi zinayi: kulemera, mtundu, kuyera kwa m'kati, ndi kasemedwe.

Kulemera ndiye kosavuta, chifukwa ndi sikelo imene imanena. Karati imodzi ndi magalamu 0.2. Koma ngakhale pamenepa pali kamsampha. Mitengo imadumpha pa manambala ozungulira, moti mwala wa 1.00 umadula kwambiri kuposa wa 0.99 ngakhale diso silingawasiyanitse. GIA imakweza nambala pokhapokha ngati nambala yachitatu pambuyo pa kadontho ili 9: mwala wa 0.999 ulembedwa 1.00, koma wa 0.998 ukhala 0.99. N'chifukwa chake osema miyala nthawi zina amasiya dala m'chiuno mwa mwala monenepa kuti ufike karati yathunthu, ngakhale kutero kumaupha kuwala.

Mtundu umayambira pa D, kutanthauza wopanda mtundu uliwonse, n'kutsika mpaka Z pamene chikasu kapena kaderadera kakuoneka bwinobwino. Anayambira pa D chifukwa kale amalonda anali ataziwononga kale zilembo A, B ndi C. Aliyense ankatcha katundu wake A, ena AA, ena AAA. Woyeza amauika mwalawo chafufumimba, nsonga m'mwamba, m'kambale koyera pansi pa nyali yoikika, n'kumauyerekeza ndi miyala yachitsanzo imene giredi yake inadziwika kale. Kusiyana kwa F ndi G n'kochepa kwambiri moti munthu wamba sangakuone mwalawo ukakhala pa mphete, koma pa mtengo kumaoneka.

Kuyera kwa m'kati kumayezedwa ndi galasi lokuza kakhumi. Magiredi alipo 11, kuyambira FL, mwala wopanda kachilema kalikonse, kudutsa IF, VVS1, VVS2, VS1, VS2, SI1, SI2, mpaka I1, I2 ndi I3 pamene timing'alu ndi timadontho tikuoneka ndi maso. Giredi ya kasemedwe ndi yobwera mochedwa: GIA inayamba kuilemba mu 2006, ndipo ndi ya miyala yozungulira. Ine ndimati ngati thumba lili lopanikiza, tsikani pa mtundu ndi pa kuyera koma osatsika pa kasemedwe, chifukwa ndi kamene kamabweza kuwala m'maso mwanu.

Tsono taonani pamene pagona nkhani. Kupatula kulemera ndi miyeso, zambiri mwa izi ndi chigamulo cha munthu kapena cha makina ophunzitsidwa ndi anthu. Mlimi wa fodya akuidziwa bwino nkhani yotere: belo lomwelo, amene iye analiika m'giredi yapamwamba kumudzi, likafika ku okushoni ku Kanengo wina amaliona mwina. Pa dayamondi napo, mwala womwewo ukhoza kutuluka G ku labu ina, H ku inzake. Choncho funso si loti labu iti ili ndi zilembo zabwino, koma loti ndi iti imene dzanja lake ndi louma ndiponso silisinthasintha.

Pa dayamondi wokumbidwa pansi, yankho la msika ndi GIA. Ndi bungwe losagwirira phindu, siligula kapena kugulitsa miyala, ndipo mwala ukalowa amauchotsa dzina la mwini wake n'kuupatsa nambala kuti oyeza asadziwe kuti ndi wa yani. Oyeza angapo amapereka maganizo awo payekhapayekha. Lili ndi malabu m'mizinda yambiri, kuphatikizapo Mumbai, Hong Kong, komanso kuno kumwera kwa Africa, ku Johannesburg ndi ku Gaborone, kumene ntchito yake yaikulu ndi ya madayamondi. Sikuti ndi angelo. Mu 2005 antchito ena a labu ya ku New York anachotsedwa ntchito pa nkhani ya ziphuphu zokweza magiredi, ndipo mu 2015 bungweli linafafaniza malipoti 1,042 atapeza kuti anthu ena analowa mwachinyengo m'makompyuta ake n'kusintha magiredi a mtundu ndi kuyera. Komabe msika unapitiriza kuliika patsogolo, ndipo amalonda akamakambirana mtengo, amayambira pa giredi ya GIA n'kumachotsera ngati pepala ndi la kwina.

International Gemological Institute, yodziwika kuti IGI, inayamba ku Antwerp mu 1975. Iyi ndi kampani yamalonda: kampani ya Blackstone inaigula mu 2023, ndipo kumapeto kwa 2024 inalowa pamsika wa masheya ku India, kumene kuli ntchito yake yochuluka. Imagwira ntchito mwachangu, mitengo yake ndi yotsikirapo, ndipo imayezanso mphete ndi ndolo zomalizidwa kale. Amalonda ambiri amaiona ngati yofewerako dzanja poyerekeza ndi GIA pa madayamondi achilengedwe, ndipo kaya maganizo amenewo ndi olondola pa mwala uliwonse kapena ayi, amakhudza mtengo umene mudzaupeze tsiku logulitsa. Mphamvu yeniyeni ya IGI ili pa madayamondi ochita kupanga m'fakitale. Kumeneko ndiye mwini bwalo.

HRD Antwerp inachokera ku bungwe loyang'anira malonda a dayamondi mumzindawo, limene linakhazikitsidwa mu 1973. Pepala lake limalemekezedwa ku Ulaya ndi ku Middle East, koma ku America salidziwa kwenikweni. Mukaona P1, P2, P3 m'malo mwa I1, I2, I3 musadabwe, ndi kalembedwe kawo. AGS Laboratories ya ku America, imene inatchuka chifukwa cha kuyeza kasemedwe pa sikelo ya 0 mpaka 10, inatseka kumapeto kwa 2022 ndipo luso lake linalowa m'manja mwa GIA. Mapepala ake akale akadali olemekezeka.

Chenjezo lili pa dzina la EGL. Panali malabu angapo m'mayiko osiyanasiyana ogwiritsa ntchito dzina limeneli popanda muyezo umodzi, ndipo ena ankakweza magiredi mopitirira. Zinafika poti mu October 2014 msika wa pa intaneti wa RapNet, umene amalonda a dayamondi amagulitsirana, unachotsa malipoti onse a EGL. Phunziro lake limakhudza labu iliyonse yosadziwika: amene amalipira labu ndi wogulitsa, osati wogula, ndiye labu yofuna makasitomala ili ndi chifukwa chokomera mtima wogulitsayo. Mukaona dayamondi wa giredi yapamwamba pa mtengo wotsika modabwitsa, yang'anani kaye dzina lili pamwamba pa pepala.

Dayamondi wa m'fakitale

Uyu si galasi kapena wachinyengo. Ndi dayamondi ndithu, kuuma kwake ndi kuwala kwake n'chimodzimodzi, koma anakulira m'makina. Njira zilipo ziwiri, HPHT imene imagwiritsa ntchito kutentha ndi kupanikiza kwakukulu, ndi CVD imene imaunjika kaboni wochokera mu mpweya pang'onopang'ono pa kambewu ka dayamondi. Kachipangizo kam'manja kamene amalonda ena amakhudzitsa pa mwala n'kulira sikangasiyanitse uyu ndi wokumbidwa pansi. Malabu amasiyanitsa poona mmene mwalawo unakulira akauwalitsa ndi kuwala kwa ultraviolet m'makina monga DiamondView, ndiponso poyeza mmene umamwera kuwala.

Apa malabu asiyana njira posachedwapa. IGI ikupitiriza kulemba magiredi onse monga imachitira ndi miyala yachilengedwe. GIA, kuyambira October 2025, inasiya kugwiritsa ntchito zilembo za D mpaka Z pa madayamondi a m'fakitale, m'malo mwake imangowagawa pawiri, premium ndi standard, ponena kuti pafupifupi onse amatuluka m'magiredi apamwamba okhaokha. Kwa wogula mphete ya ukwati ku Johannesburg kapena ku Leeds, tanthauzo lake n'losavuta: pa dayamondi wa m'fakitale pepala la IGI ndi lokwanira. Chimene mukufuna n'chakuti linene poyera kuti ndi wochita kupanga, chifukwa mitengo ya miyala imeneyi yakhala ikutsika chaka ndi chaka ndipo simuyenera kulipira ngati wachilengedwe.

Miyala ya mitundu: mafunso ndi ena

Tikachoka pa dayamondi, zilembo zija zimatha ntchito. Palibe sikelo imodzi yovomerezeka padziko lonse ya kufiira kwa rube kapena kubiriwira kwa emarodi. Labu imayankha mafunso atatu: kodi mwala uwu n'chiyani ndipo ndi wachilengedwe? Kodi unakonzedwa ndi munthu, ndipo motani? Kodi unachokera kuti?

Funso loyamba ndi lakale. Rube wochita kupanga wakhalapo kuyambira pamene Auguste Verneuil wa ku France analengeza njira yake mu 1902, ndipo mpaka lero pali anthu amene amaphwanya rube wotereyu, kumudetsa ndi dothi, n'kukamugulitsa pafupi ndi migodi ngati wangokumbidwa kumene. Woyeza amayamba ndi zipangizo zing'onozing'ono: amaona mmene mwala umakhotetsera kuwala, amayeza kulemera kwake poyerekeza ndi madzi, kenako amauika pa maikulosikopu. Rube ndi safiro, omwe ndi mwala umodzi wosiyana mtundu chabe, amalemera kanayi kuposa madzi. Mizere yokhota ndi timathovu ta mpweya m'kati zimaulula wa Verneuil msanga. Ntchito imeneyi katswiri aliyense wophunzira bwino akhoza kuichita, sifunika Switzerland.

Funso lachiwiri ndi limene lili ndi ndalama. Marube ndi masafiro ambiri pamsika anawotchedwa kuti mtundu ukhale wokoma ndi kuti utsi wa m'kati usungunuke. Si mlandu, bola zinenedwe, koma wosawotchedwa amadula kwambiri. Kuwotcha pa moto waukulu kumasiya zizindikiro: timizere tosalala ngati silika ta m'kati timaduka kukhala timadontho, timakristalo timasungunuka. Kuwotcha pa moto wochepa, kumene kumachitika kwambiri pa marube a ku Mozambique, sikusiya zambiri zooneka, ndipo pamafunika makina oyeza ndi kuwala kwa infrared ndi ena otchedwa Raman.

Mbiri ikuonetsa kuti okonza miyala amakhala patsogolo, malabu n'kumatsatira. Kumapeto kwa 2001, msika wa ku Thailand unadzadzidwa ndi masafiro okongola a pinki wosakanikirana ndi olenji, mtundu wosowa wotchedwa padparadscha. Ena anapatsidwa mapepala abwino n'kugulitsidwa, makamaka ku Japan. Mu 2002 zinadziwika kuti inali miyala ya ku Madagascar ndi ku Songea ku Tanzania imene inawotchedwa pamodzi ndi beryllium, imene inalowa m'mwalamo n'kusintha mtundu. Beryllium ndi yopepuka kwambiri moti makina amene malabu anali nawo panthawiyo sankaiona. Kuyambira pamenepo malabu akuluakulu anagula makina a LA-ICP-MS, amene amaboola kadontho kosaoneka ndi maso pa mwala pogwiritsa ntchito leza n'kuwerenga zonse zili m'fumbi lakelo. Makina amenewa ndi odula, ndipo ndi amodzi mwa zinthu zimene zimasiyanitsa labu yaikulu ndi kachipinda kokhala ndi maikulosikopu ndi pulinta. Cha m'ma 2004 kunabweranso marube ong'alukang'aluka odzazidwa ndi galasi la mtovu. Amenewa ndi osavuta kuwagwira, koma akupusitsabe anthu ambiri, ndipo asidi, ngakhale wa mandimu, amatha kuwononga galasilo.

Emarodi ali ndi nkhani yakeyake. Pafupifupi aliyense ali ndi ming'alu, ndipo kuyambira kale amamuviika m'mafuta kuti ming'aluyo isaoneke. Ena amagwiritsa ntchito utomoni wochita kupanga m'malo mwa mafuta. Lipoti limanena kuchuluka kwake: palibe, pang'ono, pakatikati, kapena kwambiri. Apa onani deti la lipoti. Munthu akhoza kutsuka emarodi, kumutumiza ku labu, kulandira pepala loti mafuta ndi ochepa, kenako n'kumudzazanso mafuta asanagulitse. Pepalalo silinaname, linanena za tsiku limenelo. N'chifukwa chake ogula emarodi wodula amafuna lipoti latsopano.

Komwe mwala unachokera: chigamulo, osati muyezo

Funso lachitatu ndi lovutitsitsa, ndipo ndi pamene malabu amatsutsana kwambiri. Msika umalipira dzina la malo. Safiro wa ku Kashmir, rube wa ku Mogok ku Burma ndi emarodi wa ku Colombia amadula kuposa anzawo ofanana nawo maonekedwe ochokera kwina. Koma mwala sunalembedwe adiresi. Labu imayerekeza tinthu ta m'kati mwake ndi mlingo wa chitsulo, chromium, vanadium ndi gallium ndi miyala yachitsanzo imene inatoledwa ku migodi yodziwika. Labu imene ili ndi nkhokwe yaikulu ya zitsanzo ndi imene ili ndi mwayi wolondola.

Nthaka nayo sisamala malire a mayiko. Masafiro ena a ku Madagascar amafanana kwambiri ndi a ku Sri Lanka, ena ndi a ku Kashmir. Kwa zaka zambiri akatswiri ankati ukaona m'kati mwa emarodi kabowo kosongokasongoka kokhala ndi madzi, kathovu ka mpweya ndi kakristalo ka mchere, basi ndi wa ku Colombia. Kenako zomwezo zinapezeka m'miyala ya ku Panjshir ku Afghanistan, ndiponso ya ku Musakashi ku Zambia. Emarodi wa ku Kafubu ku Copperbelt, kumene kuli mgodi wa Kagem, ndi wosavutirapo: ali ndi chitsulo chambiri ndipo kubiriwira kwake kumapendekera ku buluu. Choncho si zachilendo kuti safiro mmodzi alandire mayina awiri a mayiko kuchokera ku malabu awiri olemekezeka, ndipo wogulitsa amangoonetsa pepala limene lamukomera. Labu imene nthawi zina imalemba kuti siyingathe kutsimikiza ine ndimaikhulupirira kuposa imene ili ndi yankho nthawi zonse.

Gübelin Gem Lab ya ku Lucerne, imene inayamba mu 1923, ndi imene inaphunzitsa dziko kuwerenga za m'kati mwa miyala, kudzera mu ntchito ya Eduard Gübelin. Pamodzi ndi labu ya SSEF ya ku Basel, imene ndi bungwe losagwirira phindu ndipo imadziwikanso kwambiri pa ngale, ndi mapepala amene mumawapeza pa miyala ikuluikulu ya ku okushoni ku Geneva ndi ku Hong Kong. Onse awiri ndi odula, ndi osamala polankhula, ndipo sathamanga. Ku America udindo womwewo uli ndi labu ya AGL ya ku New York, imene inayamba mu 1977.

Labu ya GRS, imene Adolf Peretti anaiyambitsa mu 1996, ndi nkhani ina. Ndi ya ku Switzerland koma mphamvu yake ili ku Bangkok, ku Colombo ndi ku Hong Kong, ndipo amalonda a ku Asia amaikonda chifukwa imalemba mayina a mitundu amene amagulitsa katundu, monga pigeon's blood pa rube ndi royal blue pa safiro. Kalembedwe kake ka zowotcha n'kothandiza: H yekha ndi wowotchedwa, H(a), H(b) ndi H(c) zikunena kuchuluka kwa zotsalira m'ming'alu, ndipo H(Be) ndi wa beryllium uja. Koma chenjerani ndi mayina a mitunduwo. Mu 2015 Gübelin ndi SSEF anagwirizana kuti iwo azipereka mayinawa kwa miyala yosawotchedwa yokha, pamene GRS imapereka ngakhale kwa yowotchedwa ngati mtundu wakwana. Mawu omwewo pa mapepala awiri sakutanthauza chinthu chimodzi.

GIA imayezanso miyala ya mitundu, makamaka m'malabu ake a ku Bangkok, New York, Carlsbad, Hong Kong ndi Tokyo, ndipo ili ndi gulu la akatswiri limene limayenda m'migodi kukatola zitsanzo lokha. Pa mwala wapakatikati wopita ku America, pepala lake ndi lokwanira ndipo ndi lotsikirapo mtengo kuposa a ku Switzerland. Ku Bangkok kulinso GIT, labu ya boma la Thailand, ndi Lotus Gemology, yaing'ono koma yolemekezeka pa rube, safiro ndi spinel.

Malabu angapo, kuphatikizapo GIA, Gübelin, SSEF ndi GIT, amakumana m'komiti yotchedwa LMHC kuti agwirizane pa mawu olemba m'malipoti. Chitsanzo cha mphamvu ya komitiyi ndi tourmaline wa buluu wowala ngati magetsi, amene anapezeka m'zaka za m'ma 1980 m'chigawo cha Paraíba ku Brazil. Mwala wofanana nawo, wokhala ndi kopa m'kati, utapezeka ku Nigeria kenako ku Mavuco m'chigawo cha Nampula ku Mozambique, panabuka mkangano woti ungatchedwe ndi dzina la Paraíba kapena ayi. Mu 2006 anagamula kuti dzinalo ndi la gulu la mwala, osati la malo. Mzere umodzi umenewo unakweza mtengo wa miyala ya ku Mozambique.

Nanga wokumba ndi wamalonda wa kwathu kuno?

Phiri la Chimwadzulu ku Ntcheu lakhala likudziwika ndi rube ndi safiro kuyambira 1958. Ku Mzimba kumatuluka aquamarine ndi miyala ina ya m'gulu limenelo, ku Lundazi ku Zambia chimodzimodzi, ndipo ku Mapatizya kumwera kwa Zambia ndi kwawo kwa amethyst. Anthu ambiri amene ali ndi mwala m'thumba amaganiza kuti chimene chikuwasowa ndi satifiketi ya kunja. Nthawi zambiri si choncho.

Choyamba, magiredi ndi malipoti amene takambawa ndi a miyala yosemedwa. Mwala wosasema labu ikhoza kukuuzani chimene uli, koma wogula amauwerengera potengera chimene chidzatulukemo ukasemedwa, ndipo posema gawo lalikulu la kulemera limatayika. Pepala silingasinthe masamu amenewo. Chachiwiri, pa aquamarine ndi amethyst, dzina la dziko silikweza mtengo ngati mmene limachitira pa rube, ndipo kuwotcha aquamarine kuti achoke kubiriwira n'kofala komanso nthawi zambiri sikungatsimikizike. Kulipira labu ya ku Lucerne, kuphatikizapo ndalama zotumizira, inshuwalansi ndi zilolezo za boma zotulutsira mwala kunja, kukhoza kudya phindu lonse. Chimene mukufunikira pamenepo ndi katswiri wodalirika wokhala ndi zipangizo zoyambira, amene angakuuzeni kuti uyu ndi aquamarine osati topazi kapena galasi la botolo, kuti uyu ndi rube osati garnet. Pa chisokonezo chomalizachi anthu ambiri alirapo.

Pepala lalikulu limayamba kukhala ndi nzeru pamene muli ndi rube, safiro kapena emarodi wosemedwa, woyera bwino, wopitirira karati imodzi kapena ziwiri, amene mukukhulupirira kuti sanakhudzidwe ndi moto kapena mafuta ambiri. Pamenepo mawu oti sanawotchedwe amabweza ndalama za labu kangapo. Ndipo musanasankhe labu, funsani wogula wanu kuti amakhulupirira iti. Ngati ndi wamalonda wa ku Bangkok kapena ku China, mwina adzati GRS. Ngati ndi wa ku America, GIA kapena AGL. Ngati mwalawo ndi wapadera moti nyumba ya okushoni ikuufuna, iwo eni adzakuuzani kuti upite ku SSEF kapena ku Gübelin, kapena konse kuwiri. Gübelin inayambanso mu 2023 kugwiritsa ntchito pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa Gemtelligence popereka kapepala kotsika mtengo ka miyala ing'onoing'ono, zimene zatsegulako khomo kwa amene kale sakanakwanitsa.

Musayembekezere kwambiri kuti lipoti lidzalemba Malawi. Marube a m'chigawo chino cha Africa, a ku Mozambique, Tanzania, Madagascar ndi Malawi, amafanana m'zambiri, ndipo labu imatchula dziko pokhapokha ikakhala ndi zitsanzo zokwanira zoyerekezera. Njira ina imene makampani akuluakulu akutsata ndiyo kuulondola mwala kuyambira kumgodi. Mu 2017 Gübelin inatulutsa njira yothira tinthu ting'onoting'ono kwambiri tokhala ndi chizindikiro cha DNA m'ming'alu ya emarodi wosasema, timene timakhalabe m'menemo mwala ukasemedwa, ndipo inayesedwa pa miyala ya ku Kagem, mgodi umene kampani ya Gemfields ili ndi magawo 75 pa 100 alionse ndipo otsalawo ndi a boma la Zambia. Pa dayamondi ndiye kulondola kotere n'kokhako kumene kulipo, chifukwa palibe makina amene angayang'ane dayamondi wosemedwa n'kunena kuti ndi wa ku Jwaneng ku Botswana kapena wa ku Marange ku Zimbabwe. Pa lipoti lake la komwe dayamondi anachokera, GIA imatchula dziko pokhapokha ngati inauona mwalawo usanasemedwe.

Pepala lililonse limene mwapatsidwa, lifufuzeni musanatulutse ndalama. Malabu onse akuluakulu ali ndi malo pa intaneti pamene mumalemba nambala ya lipoti n'kuona zimene iwo anasunga. Lembani nokha adiresi ya labuyo, musadalire kachizindikiro kojambula ndi foni kamene kali papepalapo, chifukwa akuba amapanga mawebusaiti ofanizira. Nambala ikapezeka, ntchito siinathe: yezani mwalawo pa sikelo ndipo yerekezani mamilimita ake ndi olembedwawo. Madayamondi ambiri ali ndi nambala ya lipoti yolembedwa ndi leza m'chiuno mwake, yooneka ndi galasi lokuza. Ngakhale imeneyo akuba aphunzira kuikopera, ndipo GIA yanenapo kangapo kuti yalandira madayamondi a m'fakitale osemedwa mofanana ndi achilengedwe enieni, olembedwa nambala ya mwala wina. Ngati ndalama zake ndi zambiri, gwirizanani ndi wogulitsa kuti mwalawo ubwerere ku labu yomweyo ukatsimikizidwe kuti ndi womwewo, ndipo malipiro amalizidwe yankho likabwera.